Lefse ya malemu amayi: kaphikidwe kake kuyambira pa mbatatesi

Lefse imadya masiku awiri, ndipo aliyense wofuna kuiphika pokumbukira kholo lake lomwe linatisiya ayambe wavomereza zimenezo. Tsiku loyamba ndi la mbatatesi yokha: kuwiritsa, kusenda, kuphwanya, kenako kuigoneka pozizira usiku wonse. Tsiku lachiwiri ndi la ufa, moto ndi msana wanu. Mukathamangira kumaliza zonse tsiku limodzi, mupeza chinthu cholimba chonunkha fulawa, ndipo ana a malemu akangoluma kamodzi adziwa kuti si imeneyi.

Kwa inu amene simunaionepo, lefse ndi mkate wofewa wa ku Norway, kawirikawiri wopanda chotupitsa, wophikidwa pa chitsulo chouma popanda ngakhale dontho la mafuta. Poionera patali mungati ndi chapati, koma ndi yopyapyala kwambiri, ndipo mtundu umene ndifotokoze pano mbali yake yaikulu ndi mbatatesi, ija ena amati kachewere. Ine ndinaidziwira ku banja la amuna anga, alimi a m'mbali mwa nyanja ya Mjøsa kum'mawa kwa Norway. Apongozi anga ankaiphika chaka chilichonse Khirisimasi isanafike. Atamwalira tinapeza kapepala kawo kothimbirira ndi batala. Mbatatesi, mchere ndi batala zinali ndi miyeso, koma pa ufa sanalembe nambala, chifukwa ufawo ankauyesa ndi manja. Mapepala ambiri a amayi akale ndi otero, ndipo malangizo awa ndi ofuna kudzaza zimene iwo sanaone chifukwa cholembera.

Funsani amoyo musanagule mbatatesi

Lefse si yamtundu umodzi, ndiye musanayatse moto dziwani kuti malemu ankaphika iti. Ku Hardanger, kumadzulo kwa dzikoli, ali ndi krotekake ya ufa wokhawokha, imene amaiumitsa gwa n'kuisunga miyezi, tsiku lodya n'kuiwaza madzi kuti ifewe. Ku Salten, kumpoto, amadya møsbrømlefse, yothira msuzi wotsekemera wopangidwa ndi tchizi chofiirira cha brunost. Kuli tjukklefse yochindikala yomwera khofi. Kulinso lompe, kalefse kakang'ono ka mbatatesi komwe ana amakulungiramo soseji pa 17 Meyi, tsiku lokumbukira malamulo a dziko a mu 1814. Mukaphikira munthu wa ku Salten lefse ya mbatatesi n'kumuuza kuti ndi ya amayi ake, adya mwaulemu, koma mtima wake sufika pamene mumafuna.

Nkhani imasinthanso ngati banjalo ndi la ku America. Kuchokera mu 1825, pamene kachombo ka Restauration kananyamuka ku Stavanger kupita ku New York, anthu pafupifupi 800,000 anachoka ku Norway m'zaka 100 zotsatira kukakhala kutsidya kwa nyanjako, ambiri ku Minnesota, Wisconsin, Iowa ndi North Dakota. Zidzukulu zawo zambiri zinaiwala chinenero, koma lefse ya mbatatesi sizinaitaye. Kumeneko inanona: amathiramo kirimu, batala wambiri ndi shuga. M'tauni ya Starbuck ku Minnesota anafika pophika lefse imodzi ya pafupifupi mamita atatu mu 1983. Mabanja ena kumeneko amaphikira mbatatesi youma ya m'mapaketi. Ine sindiikonda, koma ngati malemu ankagwiritsa ntchito imeneyo, gulani imeneyo. Tsikuli si loti muonetse kuti mumadziwa kuposa iwo.

Choncho pitani kwa mng'ono wawo, kwa mnzawo wa kutchalitchi kapena kwa mnansi wokalamba, mukafunse tinthu ting'onoting'ono. Mbatatesi ankawiritsa ndi makoko kapena yosenda? Ufa unali wa tirigu wokha, kapena ankasakaniza ndi wa balere? Mawanga ankawakonda otuwa kapena oderako? Ankapinda panayi kapena ankakulunga? Kwathu amene anatiululira kuti apongozi ankaponyamo dzanja limodzi la ufa wa balere anali mayi aang'ono a amuna anga, ndipo kafungo kamene aliyense ankakasowa kanali komweko. Musachedwe nawo mafunso amenewa. Anthu odziwa mayankho ake ndi okalamba, ndipo pofunsapo mumamvanso nkhani za malemu zimene pamaliro sizinanenedwe.

Tsiku lophika sankhani lokhala ndi tanthauzo ku banjalo. Ku Norway ambiri amayamba kuphika mu Novembala. Lamlungu loyamba la mweziwo ndi Allehelgensdag, pamene m'matchalitchi ambiri amatchula maina a omwe amwalira m'chakacho ndipo anthu amakayatsa makandulo kumanda. Amayatsanso madzulo a pa 24 Disembala. Nyengo imeneyi imagwirizana ndi mbatatesi, chifukwa yokumbidwa mu Seputembala imakhala itakhalako milungu ingapo n'kuchepa madzi.

Zida

Chitsulo chophikirapo amati takke: chozungulira, chathyathyathya, cha masentimita pakati pa 40 ndi 60, masiku ano cha magetsi. Kale chinkakhala pamoto wa nkhuni m'kanyumba kapadera, ndipo kunali amayi odziwa ntchitoyi, bakstekoner, oyenda famu ndi famu kukaphika flatbrød, mkate wopyapyala wouma gwa, ndi lefse zosunga miyezi m'nkhokwe ya matabwa yotchedwa stabbur. Chachiwiri ndi kjevle, mtengo wobulungira wopapatizira, wokhala ndi timizere togoba. Chachitatu ndi kandodo kopyapyala ka masentimita pafupifupi 60 konyamulira ndi kutembenuzira. Onjezani thabwa lalikulu lokutidwa zolimba ndi nsalu ya thonje, chofinyira mbatatesi chokhala ndi timabowo, burashi youma, sikelo ndi nsalu zoyera zingapo.

Ngati zida za malemu zilipo, gwiritsani ntchito zimenezo ngakhale zitaoneka zakutha. Ngati palibe, musagwe ulesi. Chiwaya chochindikala chachitsulo chimagwira ntchito ya takke, kungoti lefse zanu zikhala zazing'ono. Mtengo wopapatizira wosalala, kapena botolo, muuveke sokosi yatsopano ya thonje yodula kunsonga, kuti izigwira ufa mmene timizere tija timagwirira. Kandodo mukhoza kusema nokha, n'kukapala mpaka kunsonga kupyapyale. M'malo mwa chofinyira, sefa yawaya yolimba ndi supuni yaikulu zikwanira, koma konzekerani kuti manja atopa.

Mbatatesi ndi miyeso

Mbatatesi ikhale yaufa, osati yamadzimadzi. Ku Norway amasankha mitundu monga Kerrs Pink, Pimpernel kapena Beate, ku America Russet. Amene mukugula ku Lizulu, ku Tsangano kapena ku Dedza, funsani yokhwima imene imachita bwino pokazinga tchipisi, ndipo mupewe yongokumbidwa kumene ya khungu losupuka. Njira yotsimikizira ndi kuwiritsa imodzi: ikang'aluka khungu n'kumayoyoka mukaidula, ndi yomweyo. Ikatuluka yoterera, yonyezimira mkati, idzafuna ufa wambiri ndipo lefse idzalimba. Yobiriwira ndi yophuka kwambiri tayani, ili ndi poizoni amene kuwiritsa sikumuchotsa.

Pa kilogalamu imodzi ya mbatatesi yophika kale ndi kuphwanya, imene imachokera ku yaiwisi pafupifupi kilogalamu 1.2, konzani magalamu 50 a batala, supuni yaing'ono imodzi ya mchere ndi magalamu 200 mpaka 250 a ufa wa tirigu wopanda chotupitsa, kuwonjezera wina wowaza popapatiza. Ngati banjalo ndi la kirimu, thirani masupuni aakulu anayi, ndi supuni imodzi ya shuga ngati ankatero. Muyeso umenewu umatulutsa lefse zazikulu pafupifupi 12, kapena zazing'ono za m'chiwaya zoposa 20. Poyamba musapitirire makilogalamu awiri. Amayi aja ankaphika asanu kapena khumi, koma manja awo anali atazolowera zaka zambiri.

Tsiku loyamba

Tsukani mbatatesi n'kuiwiritsa ndi makoko ake, chifukwa khungu limatchinga madzi kulowa. Sankhani zofanana kukula kuti zipsere limodzi. Yambani ndi madzi ozizira, ndipo akawira chepetsani moto kuti zisamagundane n'kuphulika. Pakatha mphindi 25 kapena 30 bayani ndi mpeni. Ukalowa mpaka pakati osakumana ndi cholimba, khetsani madzi onse, bwezerani poto pamoto wochepa mphindi ziwiri ali wosavundikira, muzimugwedeza kuti nthunzi ituluke.

Sendani ikadali yotentha, mutaigwira ndi foloko kapena nsalu, ndipo muchotse maso onse ndi malo akuda. Ipititseni m'chofinyira kapena m'sefa nthawi yomweyo, kenako muipititsenso kachiwiri. Musadumphe ulendo wachiwiriwu. Kambulu kamodzi kotsala kadzaboola lefse popapatiza, kadzamata pa nsalu, ndipo pamalo pamenepo lefse iliyonse yotsatira idzang'ambikira pomwepo. Makina a magetsi ogayira zakudya musawayandikire n'komwe, ngakhale kusinja mumtondo ayi. Mbatatesi ikamenyedwa kwambiri imatulutsa sitachi yake n'kusanduka ulimbo umene ufa uliwonse sungauwongole.

Ikadali yofunda thirani batala, mchere, ndi kirimu ngati mukuthira, n'kusakaniza modekha ndi supuni mpaka batala asungunuke. Lawani. Iyenera kukoma yokha, mchere ukumveka pang'ono, poti ufa ukalowa udzauphimba. Ufa musathire lero.

Yalani mbatatesiyo m'mbale yotakata kuti nthunzi ithe, ndipo ikazizira iikeni mufiriji mutaiphimba ndi nsalu youma. Chivundikiro kapena pulasitiki zimabweza madzi amene mwavutikira kuchotsa. Usiku umenewu sitachi imakhazikika, mbatatesi imauma pang'ono, ndipo mawa idzalandira ufa wochepa. Amene mulibe firiji ndipo muli kotentha, musagoneke mbatatesi ya kirimu panja, idzasasa. Siyani kirimuyo, wiritsani m'bandakucha, yalani mopyapyala pamalo ozizira odutsa mphepo, ndipo muphike tsiku lomwelo ikangozizira bwinobwino. Miyezi ya Juni ndi Julayi ndi imene ingakuthandizeni.

Tsiku lachiwiri: ufa

Musaphike nokha. Ntchitoyi ndi ya anthu awiri kapena atatu: wopapatiza, woyang'anira takke, ndi wolandira zopsa n'kuzifunditsa. Mmene ndaonera, malo a malemu, amene kawirikawiri ndi opapatiza, asapatsidwe kwa munthu mokakamiza. Ena amawafuna, ena sangathe kugwira kjevle ya amayi awo chaka choyamba, ndipo zonsezo ndi zabwinobwino. Ana apatseni burashi ndi ntchito yowerenga lefse.

Yatsani takke musanakhudze ufa, kuti itenthe mokwanira. Pakani ufa pa nsalu ya pathabwa, kuutikita ndi chikhatho mpaka ulowe mu ulusi, osati kungoukhuthulira pamwamba. Chitani chimodzimodzi ndi kjevle, mzere uliwonse udzaze.

Tsopano gawani mbatatesi panayi, tengani gawo limodzi, otsalawo abwerere mufiriji. Apa ndi pamene ambiri amaonongera: ufa ukangolowa, mbatatesi imayamba kutulutsa madzi, ndipo mtanda umene unali bwino umakhala utalenda pakatha theka la ola. Mukathira ufa wonse nthawi imodzi, lefse zomaliza zidzafuna ufa wowonjezera kawiri. Choncho gawo lililonse lilandire ufa wake nthawi yake ikakwana. Pa gawo la magalamu 250 yambani ndi magalamu 50 a ufa. Sakanizani ndi zala, kupinda ndi kukanikiza, osapitirira mphindi imodzi kapena ziwiri. Kukanda kwambiri kumadzutsa kunyuntha kwa tirigu, ndipo lefse imabwerera m'mbuyo popapatiza n'kudzalimba ikapsa.

Mudziwa bwanji kuti ufa wakwana? Bulungani kampira m'manja n'kukakanikiza pakati pa zikhatho. Kakamata m'manja, onjezani supuni imodzi. M'mphepete mukang'aluka kwambiri n'kumayoyoka, mtandawo sunagwirane, upindeni kangapo. Kakaphwatalala ndi m'mphepete mosalala, zala n'kutuluka zoyera, lekani pomwepo ngakhale mtima ukukuuzani kuti muonjezere. Mtanda wabwino umaoneka ngati wofewa mopitirira. Musanaphike, yezani ufa umene watsala kuti mudziwe umene mwathira, ndipo mulembe nambalayo pa pepala latsopano, pamodzi ndi mtundu wa mbatatesi. Pa pepala la malemu musalembepo kanthu, lisiyeni mmene analisiyira.

Kuumira ufa kumeneku kuli ndi mbiri yake. Mbatatesi inafika ku Norway cha m'ma 1750, ndipo oifalitsa kwambiri anali abusa, monga Peder Harboe Hertzberg wa ku Finnås, amene analemba kabuku kophunzitsa alimi kalimidwe kake. Koma anthu anaigwiritsitsa pa nkhondo ya 1807 mpaka 1814, pamene zombo za Britain zinatseka njira ya chakudya chochokera ku Denmark, njala n'kufika poti anthu ankapera makungwa a paini kuwonjezera mu ufa. Mbatatesi inkatalikitsa ufa wochepawo. Luso linali kutulutsa lefse zambiri ndi ufa wapang'ono, ndipo zinangochitika kuti lefse yoteroyo ndi imenenso imafewa ndi kukoma.

Kupapatiza

Dulani mtanda m'zidutswa za magalamu 90 kapena 100 ngati muli ndi takke, kapena 45 ngati ndi chiwaya. Bulungani chilichonse mosamala, chopanda ming'alu, n'kuchiphwatalalitsa m'manja. Mng'alu wa pachiyambi umakula pamodzi ndi lefse, ndiye ukonzeni panopa potsina m'mphepete.

Wazani ufa pang'ono pakati pa thabwa, ikani chidutswacho, wazaninso pamwamba. Yambirani pakati kupita kunja, n'kukweza kjevle musanafike kumapeto, kuti m'mphepete musapyapyale kuposa pakati. Sinthani mbali ulendo uliwonse: kutsogolo, chakumanja, chakumanzere, kubwerera kwa inu. Musatsamire ndi thupi. Kulemera kwa kjevle ndi kwa manja anu n'kokwanira, ndipo mukakanikiza mumakhomerera mtanda mu nsalu. Lefse ikafika kukula kwa mbale yaing'ono, lowetsani kandodo pansi, itembenuzeni, ndipo musanaigoneke tikitani ufa wina pakati pa nsalu. Pakati ndi pamene pamanyowa msanga, ndipo lefse zambiri zimafera pamenepo.

Pitirizani mpaka ifike masentimita 30 kapena 35, kapena 20 kwa a chiwaya. Kupyapyala koyenera ndi kwakuti muziona ulusi kapena maluwa a nsalu kupyolera mu lefse. Apongozi anga akuti ankaika nsalu ya mizere yofiira mwadala, mizere ikaoneka n'kuleka. Kuona maso a nkhono n'kudekha: zoyamba zidzatuluka zokhota, zina zobooka, ndipo zonsezo zimadyedwa. Yong'ambika musaibulungenso kuti muyambirenso, chifukwa yamwa kale ufa ndipo idzalimba. Iphikeni mmene ilili, ikhale ya olawa.

Mukaona mtanda wamata pa kjevle, imani. Palani ndi nsonga ya mpeni kapena burashi youma mpaka mzere uyere, kenako pakani ufa. Pa nsalu chitani zomwezo. Kadontho konyowa kosiyidwa kamaitana kena.

Ponyamula, lowetsani kandodo pansi pa lefse chapakati, mbali yathyathyathya ili pansi, kuyambira mbali ina mpaka katulukire kwina. Kayendetseni pang'ono uku ndi uku kuti mutsimikize kuti palibe pomata, kenako kwezani, lefse ilendewere mbali zonse ziwiri. Gonekani mphepete imodzi pa takke, n'kumazunguza kandodo m'zala mukupita mbali inayo, lefse iziyalika yokha. Ikapindika, iwongoleni msanga ndi nsonga ya kandodo isanagwire moto.

Moto

Takke ikhale yotentha kwambiri, madigiri 230 mpaka 260, ndipo ikhale youma. Ngati mulibe choyezera, wazani ufa pang'ono: ukafiira m'masekondi ochepa, moto wakwana, ukada n'kufuka nthawi yomweyo, wapitirira. Pa mbaula dikirani makala ayake onse, muwayale mofanana, ndipo muzizunguza chiwaya chifukwa pakati pamatentha kuposa m'mbali. Moto wochepa ndi woipa kuposa wambiri, chifukwa lefse imakhalitsa, imauma n'kusanduka yophwanyika.

Mbali yoyamba imatenga masekondi 40 mpaka mphindi imodzi. Mudzaona timatuza tikufufuma pamwamba ndi nthunzi ikutuluka. Suzumirani pansi ndi kandodo, ndipo mawanga ofiirira akaoneka tembenuzani monga munayalira. Mbali yachiwiri imafuna theka la nthawi imeneyo. Thuza lalikulu likadzuka, libooleni ndi nsonga kuti pansi pake papse. Lefse yakupsa imasiya kuoneka yonyowa kapena yotuwira, imayera ndi mawanga ake, ndipo imakhalabe yofewa. Ikachoka, sesani ufa wotsala pa takke ndi burashi kapena nsalu youma. Ufa wopserera umawawitsa lefse yotsatira.

Woyang'anira takke sachoka pamalo, ndipo nthawi zambiri nkhani za malemu zimayambira kwa iye, mwina chifukwa maso ake ali pa chitsulo, sakuyang'ana munthu. Fungo la mbatatesi yopsa pa chitsulo chouma limafika pamene mawu safika. Wina akagwetsa misozi, musamutonthoze mothamanga kapena kusintha nkhani. Mulandireni kandodo, apume, abwerere akafuna. Chimene ndingapemphe ndi chakuti pasapezeke wonena kuti ya amayi inali yabwino kuposa iyi. Aliyense m'khitchinimo akudziwa kale, ndipo wopapatiza ndi amene akudziwa kwambiri.

Kufunditsa

Gawo ili ndi lalifupi koma ndi limene limafewetsa lefse. Yalani nsalu yoyera, gonekani lefse yotentha, iphimbeni ndi nsalu ina nthawi yomweyo. Yotsatira ikhale pamwamba pa inzake, n'kuphimbanso. Nthunzi yawo imabwerera mkati n'kufewetsa m'mphepete momwe mwauma. Mulu ukafika khumi yambani wina, apo ayi zapansi zidzanyowa n'kumatana. Nyumba ikakhala youma kwambiri, ikani pulasitiki kunja kwa nsalu, osati kukhudza lefse. Zisiyeni maola awiri kapena atatu mpaka zizizire, kenako sesani ufa wotsalira pa iliyonse n'kuipinda pawiri, n'kupindanso.

Kudya ndi kugawa

Njira yodziwika kwambiri ndi kupaka batala wofewa, kuwaza shuga, ena ndi sinamoni, n'kukulunga kapena kupinda, khofi ali pambali. Ena amaika brunost wodula mopyapyala. Kum'mawa kwa Norway lefse ya mbatatesi imayendanso ndi zamchere: rakfisk, nsomba yosungidwa mumchere miyezi ingapo mpaka kusasa, imene amaikulunga ndi anyezi ndi kirimu wowawasa, komanso sylte, nyama ya nkhumba yopanikiza ya pa Khirisimasi, yopaka mpiru wonyowa wa m'botolo. Mabanja ambiri ku America amaidya ndi lutefisk, nsomba youma yofewetsedwa m'madzi onga chidulo, m'maphwando a m'matchalitchi a Lutheran, ndipo amatsutsana ngati shuga woyenera ndi woyera kapena wofiirira. Pa zonsezi tsatani mmene malemu ankadyera, ndipo muuze ana kuti umu ndi mmene agogo ankakondera.

Musadye zonse m'nyumba mwanu. Patulani za amene anakuyankhani mafunso aja ndi za achibale amene malemu ankawatumizira chaka chilichonse. Anthu amenewa anasiya kulandira phukusi lawo mwakachetechete, ndipo sangakuuzeni okha kuti akulisowa. Kaperekeni pamanja ngati n'kotheka, ndipo mufunse chilungamo pa mchere ndi kupyapyala, chifukwa lilime lawo ndi limene likukumbukira bwino kuposa lanu.

Zosunga zilowe m'thumba la pulasitiki zitazizira kotheratu, zinayi kapena zisanu pa thumba, mpweya mutaufinya. Mufiriji zimakhala masiku anayi kapena asanu, ndipo popanda firiji kotentha zidyedwe mawa lake lisanathe, poti mbatatesi imachita nkhungu msanga. Mufiriza zimakhala miyezi ingapo. Potulutsa, zisiyeni zisungunuke zili m'thumba lomwelo lotseka kuti chinyezi chibwerere mkati. Yauma m'mphepete muikulunge mu nsalu yonyowa pang'ono kwa mphindi 15.

Pomaliza, zida. Kjevle ya timizere musaiviike m'madzi, mtengo umatupa n'kung'aluka. Ipaleni ndi burashi youma yolimba, mzere ndi mzere, n'kuisunga pouma. Takke izizire yokha, muipukute ndi nsalu, ndipo ngati ndi yachitsulo chochita dzimbiri ipakeni mafuta pang'ono, amene mudzawapukute musanaphikirenso. Nsalu ya pathabwa ikung'utheni panja, muichape ndi madzi ozizira poyamba kuti ufa usaphike mu ulusi, popanda sopo wonunkhira, chifukwa fungo lake lidzalowa mu lefse za chaka chamawa.